Kukatenga Achimwene Amene Anamangidwa Chifukwa cha Kuwala kwa Nyenyezi

Uthenga unatipeza tikukumba kachewere kudimba, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Mesenjala wa kuboma anaimika njinga yake patali, ngati pamudzi pathu pagwa nthomba, n'kuitana atsibweni. Anawauza kuti Damiyano amutulutsa, ndipo wina apite ku Zomba akamutenge chifukwa payekha sangathe kuyenda.

Damiyano anali achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi. Bambo athu anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chimene chinawatenga ine ndili wamng'ono, choncho amayi ndiwo anawaphunzitsa achimwene ndi khasu, pogulitsa kachewere ndi kabichi pa Tsangano. Achimwene anali ndi mutu. Anapita mpaka kunja kukaphunzira sayansi, ndipo atabwerako ankaphunzitsa pa sekondale ina ya kumwera. Tsiku lina tinangomva kuti apolisi awatenga m'kalasi, choko chili m'manja, ati ananyoza mbendera. Panalibe mlandu wa kukhoti, panalibe wotiuza kuti adzatuluka liti. Zinali zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi, ndipo munthu ukafunsa kwambiri za m'bale wako unkamutsatira komweko.

Madzulo a tsiku limenelo amuna a pamudzi anakhala pansi kuti asankhe wopita. Aliyense anali ndi chifukwa chake. Wina mwendo, wina mkazi wake ali pafupi kuchira, wina ng'ombe zilibe woziyang'anira. Amuna anga anangoyang'ana pansi. Ndinadziwa kuti onsewo ankaopa kulembedwa dzina pa geti la ndende.

"Ndipita ndine," ndinatero.

Atsibweni anapumira m'mwamba, kenaka ananditengera kuseri kwa nkhokwe.

"Felesiya, pali chinthu chimodzi. Za amayi ako usakamuuze panjira. Munthu wofooka sauzidwa maliro pamsewu, angakufere m'manja. Akakafunsa ukanene kuti akudwala. Tidzamuuza ife akulu akafika."

Amayi anali atamwalira dzinja la chaka chapitacho, ndipo panalibe njira yowadziwitsira achimwene.

Za ulendo wopita sindinena zambiri. Ndinatsika ku Ntcheu pa lole ya kabichi, ndinakwera basi, ndinagona pa depoti ya ku Zomba pakati pa amayi ogulitsa nsomba. M'mawa ndinakafika ku ofesi imene anandiuza. Anandikhazika pa benchi mpaka miyendo inachita dzanzi. Anthu ankatuluka m'modzim'modzi pa khomo la kumbuyo, aliyense atapanira kamtolo kukhwapa. Panatuluka mkulu wina wowonda, wa imvi, khungu la m'khosi ndi la m'manja litada ndi kusenda ngati lapsa ndi moto. Anavala jekete lalikulu ngati lobwereka. Ndinamuyang'ana n'kubwezera maso kukhomo, kudikira achimwene anga.

Mkuluyo anaima pakati pa bwalo, akuphethira, nkhope akuitembenuza uku ndi uku.

"Kodi alipo wochokera ku Tsangano?"

Mawuwo ndiwo ndinawazindikira. Jeketelo linali lawo lomwe, limene analowa nalo.

"Achimwene, ndine Fele."

Anatambasula dzanja n'kundigwira kumaso, pamphumi ndi pamasaya.

"Fele. Wakula, mlongo wanga. Usadabwe, masowa anatsala m'katimo. Ndimaona kuti apa pali munthu, koma nkhope ndi chifunga chokhachokha."

Ndinkafuna kulira, koma wapolisi wa pakhomo ankatiyang'ana. Ndinatenga kamtolo kawo, ndinawagwira pamkono, tinayamba kutsetserekera ku depoti. Tisanafike n'komwe pamsewu waukulu anafunsa.

"Amayi ali bwanji?"

"Akudwaladwala, achimwene. Ukalamba."

"Miyendo ija?"

"Eya, miyendo."

Ndinafulumiza kuyenda kuti asafunsenso.

Basi yopita ku Lilongwe inachedwa kunyamuka chifukwa ankamangirira katundu pamwamba: njinga, matumba a mpunga, bedi lachitsulo, dengu la nkhuku. Titakhala pampando, mayi wina wonenepa amene anali pafupi nafe anayamba kucheza. Anatipatsa nthochi, anafunsa kumene tikupita, anati achimwene akuoneka kuti achokera kuchipatala. Ine ndinavomera msanga. Achimwene anadya nthochiyo pang'onopang'ono, akuitafuna ngati nyama, ndipo khoko lake analipinda n'kuliika m'thumba la jekete. Nditawafunsa chifukwa chake anachita manyazi, n'kulitulutsa.

"Chizolowezi, Fele. Kumene ndachokerako khoko silitayidwa."

Pa Liwonde, tisanaoloke Shire, panali chipika chotchinga msewu. Tonse tinatsika, apolisi anasanthula katundu. Mtsikana wina anamubweza kuseri kwa basi kuti akamange chitenje chifukwa diresi lake linkaonetsa mawondo. Ife anangotiyang'ana n'kutidutsa. Ndinaganiza kuti zovuta zatha.

Zinatipeza pa Balaka. Basi itangoima pa depoti, achinyamata a chipani, a malaya ofiira, anaima pakhomo, wina kutsogolo wina kumbuyo. "Makhadi m'manja! Aliyense khadi m'manja!" Masiku amenewo popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, sunkakwera basi. Langa ndinali nalo, lomanga pa mfundo ya chitenje. Achimwene akanalitenga kuti?

"Inu madala, khadi."

"Ndilibe, mwana wanga."

"Mulibe? Chaka chonsechi munali kuti, kumwezi?"

Anthu anaseka. Achimwene anapisa m'jekete n'kutulutsa chipepala chimene anawapatsa potuluka. Mnyamatayo anachiwerenga mokweza, mwadala, akukoka mawu aliwonse. M'basi monse munangoti zii. Mayi wa nthochi uja ananyamula dengu lake n'kukaima kumbuyo, ngakhale kunalibe mpando.

"Ndiye ndinu zigawenga zimene zakhululukidwa? Tsikani."

Anatitsitsa, anawaimiritsa achimwene padzuwa, anawalamula kuti aimbe nyimbo ya chipani. Anaimba ndi mawu osasa, manja ali m'mbali ngati mwana wa sukulu, anthu ogulitsa mandasi ndi nzimbe ataunjikana. Ine ndinagwada pafumbi, ndikupepesa. Pomaliza anati tigule makhadi, osati la chaka chimenecho chokha, komanso a zaka zimene achimwene anali m'ndende, chifukwa ati ngakhale m'ndendemo ankadya chakudya cha boma. Ndinamasula mfundo n'kupereka pafupifupi zonse zimene ndinasungira ulendo. Pamene ankalemba makhadiwo, basi yathu inaliza hutala n'kunyamuka. Kondakitala anaponya kamtolo kathu pawindo.

Basi ina inali yamadzulo. Ndinawatsogolera achimwene kuseri kwa depoti, pansi pa mtengo wa mthethe, kutali ndi anthu. Kunkatentha monga kumatenthera ku Balaka, mphepo yake ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Kumapiri ankatentha tchire, ndipo utsi unali utaphimba kumwamba konse. Achimwene anakhala atatsamira mtengo.

Kenaka kunabwera mayi wina wachitsikana, wovala bwino, atanyamula botolo la madzi ndi mabanzi. Anayang'ana kumbuyo kawiri asanagwade.

"Aphunzitsi, muli bwanji?"

Achimwene anapendeketsa mutu. "Lankhulaninso."

"Muli bwanji, aphunzitsi?"

"Edina. Unkakhala pafupi ndi windo, ndipo sunkakonda masamu."

Mayiyo anaseka, misozi ili m'maso. Anati tsopano ndi namwino, akugwira ntchito ku Sharpevale, ndipo akudikira galimoto yolowera msewu wa ku Salima. Anaona zonse zimene zinachitika pa basi paja, koma anadikira kuti a malaya ofiira apite kukadya.

"Ndinalimo m'kalasi tsiku lija," anandiuza ine. "Tonse tinkadziwa kuti sananene choipa chilichonse."

Pamenepo ndinafunsa funso limene pamudzi pathu palibe anayerekeza kulifunsa mokweza.

"Achimwene, kodi munanena chiyani kwenikweni? Ife anangotiuza kuti munanyoza mbendera."

Anamwa madzi, napukuta pakamwa. Pamsewu pankadutsa lole yaikulu ikuliza hutala, ndipo anakweza chala.

"Tamvera, Fele. Ikamabwera ikulira mokweza, piii. Yadutsa, tamvera tsopano, yatsika, pooo. Dalaivala sanasinthe kanthu. Kungoti chinthu chikamakuthawa, kulira kwake kumatambasuka. Kuwala nakonso kumatero. Kumwambaku kuli magulu akuluakulu a nyenyezi, otchedwa milalang'amba, akutali kosaneneka. Akatswiri akatenga kuwala kwake n'kukugawa m'makina, kumatuluka mitundu ngati utawaleza, ndipo mu utawalezamo mumakhala timizere todziwika malo ake. Ndiye anapeza kuti timizere ta milalang'amba yakutali tasunthira kumbali yofiira. Ukakhala wakutali kwambiri, kusunthako kumakulanso."

"Ndiye kuti ikuthawa ngati lole ija?"

"Ambiri amatero. Amati thambo lonse likufufuma ngati ufa wa mandasi wothira isiti, chilichonse chikutalikirana ndi chinzake. Zimenezo ndiye zinali m'buku. Koma ine ndinkafuna ana adziwe kuti m'buku simugwa zinthu kuchokera kumwamba, anthu amayamba akangana. Ndinawauza kuti analipo ena amene anafotokoza mwina. Wina anati ayi, palibe chikuthawa, kuwalako kumangotopa panjira, ulendo ndi wautali, kumafika kutatha mphamvu, n'chifukwa chake kumafiira. Ena anaganizira fumbi la m'mlengalenga. Dzuwa lili bwanji lero?"

Ndinayang'ana kumwamba. Mu utsi muja dzuwa linali lofiira ngati chikasu chosakaniza ndi magazi a nkhuku, loti n'kuliyang'ana osaphethira.

"Lafiira, achimwene."

"Ndi utsi umenewo. Enanso anati mwina zinthu zolemera kwambiri zimakoka kuwala pamene kukuchoka, n'kukufooketsa. Ndinalemba pabolodi funso lakuti, kodi kuwala kofiira ndi kuwala kotopa? Pansi pake ndinalemba kuti musakhutire ndi yankho limodzi musanamve ena. Basi, mlandu wanga ndi umenewo."

Sindinamvetse. Edina ndiye anandithandiza, akunong'ona.

"Dzuwa la pa mbendera, achemwali. Ndi lofiira."

Ndinagwira pakamwa.

"Wina anakanena kuti ndaphunzitsa ana kuti dzuwa la pa mbendera latopa," anatero achimwene. "Ndipo yankho limodzi ati ndinkatanthauza chipani chimodzi. Apolisi amene ankandifunsa mafunso anali ndi kope la mwana wina patebulo. Ankafuna ndiwauze mayina a milalang'amba imene ikuthawayo, ati ndi anzanga othawira kunja. Ndinayesa kuwafotokozera za hutala. Anandimenya khofi, ati ndikuwayesa ana."

Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera m'chifuwa, anatsokomola mpaka ndinawasisita pamsana.

"Aphunzitsi," anatero Edina, "ife tinatsala ndi funso lija pabolodi. Palibe mphunzitsi analimba mtima kulifufuta kapena kuliyankha, mpaka ahedi anatuma wogwira ntchito kuti atsuke bolodi lonse ndi madzi. Enafe mpaka lero timati aphunzitsi athu anamangidwa chifukwa ankakhulupirira za kuwala kotopa."

Achimwene anapukusa mutu.

"Ndiye zomvetsa chisonizo. Sindinkakhulupirira zimenezo. Phunziro lija linali theka. Tsiku lotsatira ndinkafuna tiyese mayankho aja limodzilimodzi, ngati mmene amayi amagogodera mphika asanaugule. Fumbi limabisa mitundu ina, koma silisuntha timizere tija. Kukoka kwa zinthu zolemera kulipo, koma n'kochepa, sikungakwanire. Ndipo kuwala kukanakhala kuti kumatopa chifukwa chogundagunda zinthu panjira, zithunzi za milalang'amba yakutali zikanaoneka zambuu, ngati mmene ndikukuonerani inuyo panopa. Koma zimaoneka bwinobwino. Yankho la m'buku lija ndi limene limaima, Edina. Ndinkangofuna mulipeze nokha, musalimeze ngati mankhwala."

Edina anati, "Ndiye mwamaliza phunziro lija lero, aphunzitsi."

"Kwa mwana m'modzi. Enawo ukakumana nawo ukawauze."

Galimoto ya Edina inabwera. Anandikokera pambali, anandiuza kuti khungu losendalo ndi matenda a kusowa zakudya, ndizikawapatsa nyemba, mtedza, mazira ndi mkaka, koma za maso sanalonjeze kanthu. Anandifumbatitsa kandalama kokwanira basi ya ku Ntcheu, n'kuthamanga osatembenuka.

Basi yamadzulo inali yodzaza, tinaima mpaka pakati pa ulendo pamene bambo wina anatsika. Achimwene atakhala pansi anayamba kulankhula za amayi. Anati m'ndende ankalota amayi akukazinga chimanga. Anati akafika akawagulira nsapato zofewa za miyendo yotupa, akangopeza ganyu iliyonse, popeza uphunzitsi sadzawalolanso. Anandifunsa ngati denga la nyumba ya amayi analifolera chaka chino. Ndinkangoyankha kuti eya, ayi, eya, nkhope nditalozetsa pawindo. Ndinathokoza Mulungu kuti sankaona nkhope yanga, kenaka ndinachita mantha ndi kuthokoza koteroko.

Tinafika pa Ntcheu kutada. Kuboma kunali msuweni wathu wina, kalaliki, amene kale achimwene ankamulipirira sukulu. Tinagogoda. Anatsegula pang'ono, anationa, anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

"Alamu anu ali ndi alendo m'nyumbamu," anatero. "Komanso mukudziwa ntchito yangayi. Mawa anthu adzafunsa."

"Tamva, achimwene," anayankha achimwene anga, mwaulemu ngati akulankhula ndi bwana. "Gonani bwino."

Tinagona pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Ndinawafunditsa chitenje changa, chifukwa ku Ntcheu ngakhale mu Okutobala mbandakucha umazizira.

M'mawa ndalama inali itatha, ndipo ku Tsangano ndi kutali, kokwera mapiri. Ndinayendayenda mumsika kufunafuna nkhope ya kwathu. Ndinapeza madalaivala awiri a malole a kachewere amene ndinkawadziwa. Woyamba anati lole yadzaza, chonsecho inali yopanda kanthu. Wachiwiri anandiuza zoona: "Mlongo, ndili ndi ana. Akandiona ndanyamula munthu ameneyo, laisensi yanga yapita."

Amene anatimvera chisoni anali Che Amidu, Msilamu wa sitolo ya nsalu ndi mchere pa Tsangano, amene bambo ake anachokera ku Mangochi kalekale. Anabwera kudzapikula katundu ndi kalole kake kakale. Nditawafotokozera anangoti, "Ali kuti?" Ndinawatsogolera kukhonde kuja. Ndinali ndisanaganize zowachenjeza. Mutu wanga unali pa za galimoto basi.

Che Amidu anavula kofia, anagwada, anagwira dzanja la achimwene ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mwabwera. Mulungu ndi wamkulu. Pepani ndi mavuto onse. Pepaninso ndi maliro a mayi athu aja. Tinawasunga bwino, anthu anabwera ambiri ngakhale ankaopa. Ineyo nsalu ndinapereka."

Ndinamva ngati pansi pagumuka. Che Amidu anayang'ana nkhope ya achimwene, anayang'ana yanga, ndipo anazindikira.

"Astaghafiru, Mulungu andikhululukire. Kodi sanamve?"

Achimwene sanasunthe. Dzanja lawo linali likadali m'manja mwa Che Amidu.

"Fele," anatero motsitsa, "liti?"

"Dzinja la chaka chatha, achimwene. Atsibweni anandiletsa. Anati ndisakuuzeni panjira."

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Mwezi umodzi. Chibayo."

Anagwedeza mutu kangapo. Sanalire. Anangoti, "Tiyeni tizipita," n'kudzuka okha, osafuna kugwiridwa.

Che Amidu anawakhazika kutsogolo, ine pakati. Tinatsata msewu wa tala pang'ono, kenaka tinapatukira kumanzere pa msewu wafumbi wokwera ku Tsangano, umene mbali ina ndi Malawi mbali ina ndi Mozambiki. Kaloleko kankalira ngati ng'ombe yokoka ngolo yolemera. Mabampu ankatigunditsa mitu kudenga. Che Amidu anayesa kupepesa kawiri, achimwene anati, "Palibe mlandu, Che Amidu. Munthu wopepesa maliro salakwa."

Pa chitunda china chachitali, utsi woyera unayamba kutuluka kutsogolo. Lediyeta inawira, ndipo paipi yake inang'ambika. Tinatsika, tinaika miyala kumatayala. Che Amidu anadula chubu chakale kuti amangire paipiyo, kenaka anatenga chigubu n'kutsikira kukhwawa kukasaka madzi. Anatenga nthawi yaitali, chifukwa mitsinje yapafupi inali itauma. Ndikuganizanso kuti anachedwa dala.

Tinakhala pa mwala m'mbali mwa msewu. Mphepo ya kumapiri inkaomba, yonunkhira lupsa. Kumunsi kunkaoneka madimba obiriwira ndi ng'ombe za anthu a tsidya lina.

"Dzulo lonse ndimalankhula za nsapato," anatero achimwene. "Iwe uli phee."

"Ndikhululukireni, achimwene."

"Sindikukudzudzula. Ndikukumvera chisoni. Unasenza wekha kuchokera ku Tsangano mpaka ku Zomba n'kubwerera nazo." Anatembenukira kwa ine. "Anandikwiyira?"

"Amayi? Ayi."

"Usandinamizenso, Fele. Kamodzi kakwana."

Ndiye ndinawauza zonse. Ndinawauza kuti miyezi yoyamba amayi anakwiya, ankati anagulitsa mbuzi zawo zonse kuti mwana akaphunzire za nyenyezi, lero nyenyezizo zamudya. Ndinawauza kuti amayi a kumpingo anasiya kubwera kudzacheza, ndipo pamsika anthu ankadutsa mulu wawo wa kachewere n'kukagula kwa ena. Kuti anapita wapansi mpaka kuboma kukafunsa kumene mwana wawo ali, anawabweza, anapitanso, anawabwezanso, ndipo ulendo wachitatu anauzidwa kuti akabweranso sabwerera. Kuti mabuku a achimwene, amene atsibweni ankafuna kuwatentha chifukwa cha mantha, amayi anawakulunga m'chikopa n'kuwakwirira pansi pa khola la nkhunda, iwo osadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Ndipo kuti atatsala pang'ono kutisiya anandiuza kuti, "Damiyano akadzabwera musadzamufunse mafunso. Mudzayambe mwamupatsa madzi osamba otentha."

Pamenepo achimwene analira. Sanalire ngati mwamuna wa Chingoni amene amangogwetsa msozi n'kupukuta. Analira mokuwa, atagwira mutu, akuitana amayi ndi dzina lawo lobadwa nalo. Mayi wina amene ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni anatula mtolowo, anakhala pansi chapatali osatifunsa kanthu, ndipo anakhala nafe mpaka achimwene anatonthola. Kenaka anasenza nkhuni zake n'kumapita.

Che Amidu anabwera ndi madzi. Paipi inadonthabe, moti tinkaima pafupipafupi kuthira ena, ndipo pa chitunda chomaliza ine ndi anthu awiri odutsa tinachita kukankha. Tinafika pa Tsangano dzuwa litapendeka. Che Amidu sanatitsitse pa sitolo yake. Anapitirira nafe mpaka pamene msewu wa galimoto umathera, anthu onse a pamsika akuona.

Kuchokera pamenepo tinayenda wapansi. Ana amene anationa anathamangira kumudzi, ndipo tisanafike tinamva azimayi ayamba kulira maliro, monga timachitira akafika munthu amene sanaike nawo m'bale wake. Atsibweni anatichingamira panjira. Atangoona nkhope ya achimwene anadziwa kuti amva kale, ndipo sanandifunse.

Anayala mphasa pabwalo, koma achimwene anakana kukhala.

"Fele, ndiperekeze kunyumba kwa amayi."

Ndinayang'ana atsibweni. Nyumbayo tinali titaigwetsa pambuyo pa maliro, monga mwa mwambo, ndipo pamalopo amayi aang'ono anali atadzalapo mpiru.

"Nyumba ija kulibe, achimwene. Tinagwetsa."

"Ndikudziwa. Ndiperekeze pamene panali khomo."

Ndinawagwira pamkono, tinadutsa pakati pa anthu. Ndinawaimika pamene panali khomo, pomwe mwala wopondera unali ukadalipo. Anaupapasa ndi phazi, anawerama, anavula nsapato zawo n'kuziika pambali. Azimayi aja anasiya kulira. Achimwene anaomba m'manja katatu.

"Odi, amayi. Ndine Damiyano. Ndabwera."

Palibe anadziwa chochita. Kenaka amayi aang'ono aja, mng'ono wawo wa amayi, amene mawu awo ankafanana ndi a malemuwo, anayankha ali chikhalire pamphasa.

"Lowa, mwanawe. Wachedwa, koma lowa."